Chuma cha Amalume a Jenerale

Amalume anga anali jenerale wa asilikali. Ndikanena choncho anthu amayamba ayang'ana nsapato zimene ndavala, kenako n'kuseka. Aseke, koma ndi zoona. Iwo ndi amayi anga anali a mimba imodzi, amayi oyamba kubadwa, iwo mzime. Onse anabadwira m'komboni ya pa pulazi la fodya kufupi ndi Darwendale, m'dziko la Ashona, kumene agogo anafika wapansi kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito. Ine ndi achimwene anga, amene ndinawapondera pamutu, tinabadwiranso momwemo.

Za usilikali wawo ndikudziwa zochepa, ndipo zambiri ndi zomva kwa amayi. Ali mnyamata ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Tsiku lina m'mawa anatumidwa kukakweza nkhuni pa thirakitala, osabwerako. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo aliyense ankadziwa kumene mnyamata wosowa chonchi walowera, koma palibe amene anatchula. Nkhondo itatha anatulukira pa galimoto ya asilikali, ataonda, ali ndi dzina lina ndi mfunda wa Chishona. Anauza amayi kuti kutchire munthu wa m'komboni ankamukayikira kuti ndi maso a mzungu, ndiye iwo anatenga dzina la banja la mnzawo amene anafera m'manja mwawo. Amayi anangoti dzina ndi malaya, munthu amavula n'kuvala lina, koma mimba sisintha.

Anakhalabe msilikali. Anapita kukaphunzira kunja, n'kubwerako ndi nyota ina paphewa. Anakalondera njanji ku Mozambique. Anakamenya nkhondo ku Congo, kumene anabwerako ndi malungo osatherapo ndi mwendo wotsimphina. Nyota zinkangochuluka, ife tikuziwerenga pa zithunzi za m'nyuzipepala zimene amayi ankadula n'kumata pakhoma ndi phala. M'zithunzizo ankaima kumbuyo kwa anthu akuluakulu, osaseka, maso ali kumbali. Kwathu ankabwera mwa apo ndi apo, ndi shuga ndi mabulangete, n'kukhala ola limodzi pa mpando umene tinkabwereka kwa foromani.

Anakwatira mphunzitsi wa Chishona wa ku Marondera, amene ife tinkawatchula kuti ambuya, ndipo anapereka ng'ombe za malowolo mpaka kutsiriza. Anabereka ana aamuna awiri. Apa m'pamene munthu wanzeru akanatsegula maso. Ife Achewa sitipereka ng'ombe, chifukwa mwana ndi wa mayi ake. Mwamuna akapereka ng'ombe ndiye kuti akufuna ana akhale ake, ndi zake zidzakhale za anawo. Amayi anazimva zonsezi, nati, “Ng'ombezo wangomupatsira mkazi ulemu basi. Mbumba yake ndife.”

Mwambo wathu ndi wakuti mwamuna amayang'anira alongo ake ndi ana awo, ndiyo mbumba yake, ndipo akamwalira dzina lake ndi katundu wake zimapita kwa mwana wa mlongo wake. M'komboni munalibe minda yoti n'kusiyirana, koma mwambowo tinkausunga pa tizinthu tochepa timene tinalipo. Bambo athu atamwalira, mwana wa mlongo wawo anachita kuchokera ku pulazi lina kudzatenga njinga yawo ndi wailesi. Achimwene anali atakwera njinga imeneyo kuyambira miyendo isanafike bwino pa mapedulo. Anaiona ikutuluka pageti, ndipo amayi anawagwira paphewa nati, “Usalire. Zako zili kwa malume ako.” Mawu amenewa ndinawamva nthawi zambiri kuposa pemphero la Ambuye.

Zaka zolanda mapulazi zitafika, mzungu wathu anachoka, ndipo pulazi lija analiduladula kukhala minda ing'onoing'ono. Anthu ambiri a m'komboni sanapatsidwe kanthu, ankati ndife alendo, tikapemphe malo kwathu. Koma achimwene anali ndi chitupa chabwinobwino, komanso anali katswiri woumitsa fodya, wodziwika dera lonselo. Ogawa malo anawaitana n'kuwaonetsa munda wawo, wa dothi lamchenga labwino, pafupi ndi damu. Zikhomo anakhoma ine ndikuona. Anangowauza kuti amangepo nyumba mvula isanagwe, apo ayi mundawo upita kwa wina.

Mwezi womwewo amalume anapatsidwa pulazi lathunthu ku Tengwe. Anabwera ndi magalimoto awiri, naitanira achimwene pansi pa bulugama.

“Ndikufuna munthu wodziwa fodya, woti sangandibere,” anatero m'Chishona. “Longedza.”

Atachoka, ine ndinalephera kuugwira mtima. “Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munda mwaupeza kale, mukuusiyiranji?”

Anayankha ndi amayi. “Iwe khala chete. Munthu asiye pulazi lonse chifukwa cha kamunda koti tambala akalira mbali ino amamveka mbali inayo?”

“Kodi amalume anena kuti pulazilo lidzakhala lanu?” ndinafunsanso achimwene.

“Zinthu zotere sanena,” anatero iwo. “Zimadziwika.”

Tinasamuka tonse. Ine ukwati wanga unali utatha, ndinalibe chondigwira. Munda uja anapatsidwa munthu wina wa m'tauni, ndipo ndikumva kuti akulimabe mpaka lero.

Ku Tengwe tinapeza mabalani opanda madenga, mapaipi a moto atabedwa, thirakitala itakhala pa njerwa. Amalume nthawi imeneyo anali akadali pantchito ku Harare, ankangobwera Loweruka lina ndi lina. Zonse anadzutsa ndi achimwene. Anasonkhanitsa anthu amene anatsala m'komboni, anafesa nazale, anafolera mabalani limodzi limodzi. Fodya ankamudziwa ndi dzanja. Ankalowa m'balani, kugwira tsamba, kununkhiza, n'kunena kuti onjezani moto kapena tsegulani mphepo, osayang'ana n'komwe choyezera kutentha chimene chinkalendewera pakhomo. Ine ndinkagwira ntchito mu shedi yosankhira fodya, ndipo ndikuchitira umboni kuti tsamba lake linkatuluka lachikasu, lofewa, losathothoka.

Ndisawanamizire amalume. Malipiro a uforomani ankapereka pa nthawi yake. Anatipatsa nyumba ya njerwa ya zipinda zinayi kuseri kwa mabalani, ndipo amayi maso atayamba kuchita khungu anawatumiza kuchipatala pa galimoto yawo. Atapuma pa usilikali anadzakhala pa pulazipo. Ankadzuka m'mamawa n'kumayenda m'mizere ya fodya manja ali kumbuyo, kandodo kawo ka ujenerale kali m'khwapa, ngati akuyendera asilikali pa perete. Mbewu yopendekeka ankaima n'kuiyang'anitsitsa, mwina kudikira kuti iwongoke yokha. Aliyense ankamulankhula m'Chishona. Chichewa ankachitulutsa akalowa m'nyumba ya amayi n'kutseka chitseko, ndipo chinali Chichewa chachikale, cha agogo, chimene ifenso tinali titayamba kuchiiwala. Amayi ankati munthu wolankhula choncho sangaiwale mbumba yake.

Ana awo ankabwera pa tchuthi kuchokera ku sukulu za m'tauni. Kwa ife anali asuweni, koma pa Chishona mwana wa malume ndi malumenso, ndiye achimwene ankawaitana kuti sekuru, kutanthauza malume, anyamata oti anawanyamulapo pamapewa. Anyamatawo ankaitana achimwene kuti muzukuru, kutanthauza mwana wa mlongo, mwaulemu ndithu, n'kupempha makiyi a galimoto. Fodya ankawayetsemulitsa. Achimwene ankaona zimenezi n'kumamwetulira, ngati kuti kuyetsemulako kunali kalata yosainidwa.

Zaka zinapita, imvi zinayamba kuoneka m'mutu mwa achimwene, ndipo nkhani ya pulazi inali isanatchulidwebe ngakhale kamodzi. Tsiku lina masana amalume analowa mu shedi ndili ndekha, ndikumanga fodya. Ndinati lero ndi lero.

“Amalume, kodi achimwene mwawakonzera zotani?”

Anandiyang'ana mmene ankayang'anira mbewu yopendekeka ija. “Akusowa chiyani?”

“Sakusowa kanthu lero. Ndikunena za mawa.”

“Mawa kuli ntchito yokweza mabelo,” anatero, natuluka.

Nditawauza achimwene, anandikalipira monga sanandikalipirepo. Anati kufunsa munthu wamoyo za katundu wake n'kumulodza, ndipo amalume akadwala anthu adzaloza ine. Amayi anaonjezera kuti pakamwa panga ndi pamene panandithetsera ukwati. Ndinawasiya. Ndinkawawidwa mtima, koma munthu sungamukokere pamthunzi iye akuti dzuwa likumukomera.

Amalume anadwala miyezi ingapo n'kumwalirira m'chipatala ku Harare. Maliro anali a boma. Bokosi linakutidwa ndi mbendera, asilikali anaguba pang'onopang'ono, mfuti zinalira mpaka amayi anandigwira mkono ndi manja onse awiri. Msilikali wina anawerenga mbiri yawo, nkhondo ndi nkhondo, nyota ndi nyota. Anati anabadwira ku Darwendale, koma komboni sanaitchule, Dedza sanamutchule. Ife tinakhala mu tenti yachitatu, pamodzi ndi antchito a pa pulazi. Amayi anafunsa ngati gule abwere kudzaperekeza mwana wa kwawo, ndipo ndinawauza kuti pageti pali asilikali.

Pa Chishona katundu wamkulu wa womwalira sagawidwa msanga. Amadikira chaka, achite mwambo wobweza mzimu pakhomo, ndiye agawe. Chaka chimenecho ambuya anakakhala ku Harare kwa ana awo, ndipo pulazi lonse linali m'manja mwa achimwene. Anagwira ntchito ngati mnyamata. Anatsegula munda wina umene unagonera zaka zambiri, anamanga balani latsopano, anabzala mitengo ya nkhuni yoti idzadulidwe iwo ali nkhalamba. Fodya wa chaka chimenecho sindinamuonepo chibadwire.

Nyengo yozizira ikutha, kunabwera uthenga wochokera kwa mkulu wa banja lija amalume anatengako dzina, bambo wokalamba amene ankayendetsa miyambo yonse. Anati mwambo uchitikira pa pulazi pomwepo, ndipo muzukuru abwere atavala jekete, chifukwa ntchito yaikulu ya tsikulo ndi yake. Amayi analulutira ali pamphasa. Achimwene anakwera kombi kupita ku Karoi kukagula jekete.

Ine mwamuna amene ndinasiyana naye anali Mshona, ndipo ndinaonapo katundu wa apongozi anga akugawidwa. Ndinawadikira achimwene panjira ya ku mabalani kuti amayi asamve.

“Achimwene, kwa anzathuwa mwana wa mlongo ndi wogawa. Amanyamula chinthu n'kupatsa mwini wake. Si wolandira ayi.”

“Ukuyesa sindikudziwa? Ndabadwira kuno ine.”

“Nanga jeketeyo ndi yachiyani?”

“Amalume anali Mchewa. Zovala ndi nsapato agawe mwa Chishona, palibe kanthu. Koma za pulazi anasiya mawu kwa mkulu uja. Sangachoke osasiya mawu.”

Tsikulo linafika. M'mawa, zobweza mzimu zitatha, anthu anasonkhana pa kapinga wa kutsogolo kwa nyumba yaikulu. Amayi sanabwere, miyendo inali itatupa, anatsala pakhonde la nyumba yathu. Pakapingapo anthu anayala mphasa ziwiri n'kuunjikapo katundu: masuti, zipewa, nsapato, mayunifolomu, mamendulo ali m'kabokosi kake, wotchi, kandodo ka ujenerale, ndi envulopu yaikulu yakhaki mmene munali makalata a pulazi. Mkulu uja anawaza zonse ndi madzi a mankhwala, naitana muzukuru. Achimwene anadzuka, jekete ili pepepe ndi mphepo, nakakhala pa kampando pafupi ndi mphasa.

Ntchito inayamba. Mkuluyo ankanong'oneza dzina, achimwene n'kunyamula chinthu, kutchula dzinalo mokweza, mwini wake n'kubwera kudzalandira akuomba m'manja. Suti iyi kwa uje, chipewa ichi kwa uje. Mamendulo anapita kwa mwana wamng'ono. Wotchi inapita kwa msilikali wina wokalamba amene anali nawo kutchire, ndipo analira polandira. Achimwene sanalakwitse dzina ngakhale limodzi. Dzuwa linakwera, mulu uja unatsika, mpaka pamphasa panatsala kandodo ndi envulopu.

Mkulu uja anauza mwana wamkulu wa amalume kuti avule nsapato akhale pamphasa. Mnyamatayo anakhala, miyendo itatambasulidwa, mutu uli pansi. Achimwene anatembenukira kwa mkuluyo n'kudikira. Mkuluyo analoza kandodo ndi chibwano. Achimwene sanasunthe. Ine ndinali pafupi, kutsogolo kwa azimayi, ndipo ndinamva zimene anafunsa chapansipansi.

“Sekuru sanasiye mawu ena alionse?”

“Mawu otani, muzukuru?” mkuluyo anadabwa zenizeni. “Mwana ndi uyu.”

Palibe wina amene anazindikira kuti pachitika kanthu. Achimwene anapukuta manja pa thalauza, anatola kandodo ndi envulopu, nagwada patsogolo pa mnyamata uja. Anamuitana ndi dzina la amalume, namuuza m'Chishona chomveka bwino kuti kuyambira lero iye ndiye bambo wa pakhomo pano, asunge amayi ake, asunge mng'ono wake, asunge malo. Amuna anaomba m'manja, azimayi analulutira, inenso ndinalulutira, chifukwa pakamwa panga pankafunika chochita.

Kenako mkuluyo ananena kuti wogawa sachoka chimanjamanja. Ambuya analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chijasi cha usilikali, cholemera, cha mabatani achitsulo, chimene anachisunga padera. Anachipereka kwa achimwene atagwada, nawathokoza chifukwa chosunga pulazi zaka zonsezi. Ankanena zochokera pansi pa mtima, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka koposa. Ndinafunafuna woti ndimukwiyire pa kapinga ponsepo, osamupeza.

Anthu akudya, mwini pulazi watsopano anaitanira achimwene pambali, ine n'kutsatira osaitanidwa. Analankhula mwaulemu, akusisita kandodo kaja. Anati iye ulimi sauzolowera, ntchito yake ili m'tauni. Anagwirizana kale ndi kampani ina kuti ibwereke pulazi lonse, ndipo kampaniyo ibwera ndi manijala wake ndi maforomani ake. Nyumba yathu idzafunika fodya womaliza akangogulitsidwa. Anati ayesetsa kuwalankhulira achimwene kuti mwina awapatse ntchito ya kumabalani ndi chipinda m'komboni.

“Zikomo, sekuru,” anatero achimwene, akuomba m'manja.

Tinanyamuka kubwerera kunyumba, iwo patsogolo ndi chijasi pamkono, ine pambuyo. Tinadutsa shedi, mmene mabelo omaliza anali atasokedwa kale, akungodikira lole. Mkwiyo wanga unali utapeza kolowera tsopano.

“Ndikawauza ndine amayi,” ndinatero. “Amve zimene mawu awo achita.”

Achimwene anaima, osatembenuka. “Usayerekeze.”

“Adzadziwabe lole ikabwera.”

“Adzadziwe tsiku limenelo. Lero ayi.”

Amayi, amene maso anali atachitiratu khungu, anamva mapazi athu tikadali patali. Anali atakhala tsonga pakhonde, atavala duku lawo la kutchalitchi ngakhale sankapita kulikonse.

“Zatha?” anafunsa.

“Zatha, amayi,” anatero achimwene, nawaika chijasi chija pamiyendo.

Anachipapasa kuyambira kukolala mpaka kumunsi, anagwira mabatani limodzi limodzi, nachinunkhiza. Anakhala kanthawi nkhope ili m'chijasimo. Atadzutsa mutu anafunsa, “Nanga makiyi akupatsa?”

Achimwene anapisa dzanja m'thumba n'kugwedeza makiyi a mabalani, omwe aja ankayenda nawo tsiku ndi tsiku. Amayi anaseka mokweza, kuseka kwa mtsikana, naomba m'manja.

“Iwe wokonda kutsutsa uli kuti? Wamva?”

“Ndamva, amayi,” ndinatero.

Ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kutsitsa masaka olongedzera katundu amene anali pamwamba pa kabati, pang'onopang'ono, kuti asamve.